Kodi Mumagwira Ntchito Yanji, Asewere?

Mwana wanga wamkazi anandiuza za mnyamatayo m'chaka choyamba cha mliri, tili m'khitchini kunyumba kwathu ku Morley, ine ndikutsuka mbale iye akupukuta. Anayamba m'Chingelezi monga mwa nthawi zonse, koma atafika pamutu pa nkhani anasintha n'kunena m'Chichewa chake cholemera lilime chija: "Adadi, ndapeza munthu." Ndinatseka mpopi. Mwana ameneyu Chichewa amachisungira zinthu ziwiri zokha, kupepesa ndi kupemphera, ndiye ndinadziwa kuti sakusewera.

Anabwera kudziko la eni kuno ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi ake ndiwo anatibweretsa atapeza ntchito ya unamwino. Kwathu ine ndinali mphunzitsi wa sekondale, ndinkaphunzitsa jogalafe. Titafika kuno anandiuza kuti ndikafuna kuphunzitsa ndibwerere kaye kusukulu, pamene pakhomo pankafunika munthu woti mwana azimupeza akaweruka. Ndinalowa ntchito yoyeretsa pa yunivesite ku Crawley, yoyamba m'mamawa n'kuweruka dzuwa lisanafike pamutu. Ndinkati ndigwira chaka chimodzi basi. Mpaka lero ndidakali pomwepo. Mwanayo anakula, anaphunzira uinjiniya pa yunivesite yomweyo, ndipo amayi ake anamuona atavala mkanjo wa digiri. Patapita miyezi isanu amayi akewo anamwalira.

Mnyamatayo anali wa ku Chile, katswiri wa miyala. Anakumana kumgodi, kumpoto uko kumene onse awiri amapita pandege n'kukakhala milungu iwiri. Tsiku limene anabwera kudzandiona anavula nsapato pakhomo, analandira tiyi ndi manja awiri, ndipo sanakhale pansi mpaka nditamuuza. Ndinaona kuti wina wamuphunzitsa bwino, komanso kuti iye analola kuphunzitsidwa. Bambo ake anamwalira ali wamng'ono. Amayi ake ankakhala okha m'tauni ina kumpoto kwa dziko lawo, ndipo Chingelezi sankachidziwa ngakhale moni.

Malire anali otseka. Palibe akanabwera, ifenso sitikanapita kulikonse. Anawo ankafuna kungokasayina ku ofesi ya boma, phwando lidzachitike mliri ukatha. Ine ndinati kusayina n'kwabwino, koma amayi ake a mwanayu anasiya mlongo wawo ku Lilongwe, ndipo mwana wa mlongo wake sakwatiwa malume asanamve. Ndinawaimbira alamu angawo.

Alamu anga anapuma pantchito ya boma, koma ntchito ya boma sinapume mwa iwo. Anati chinkhoswe chichitika pakompyuta, mabanja onse aonane maso. Kenaka anachita chimene ankaona kuti n'chanzeru: analemba mafunso amene ankhoswe amafunsa, aja timafunsana titakhala pamphasa tikuseka, n'kuwaika manambala kuyambira wani mpaka seveni. Mnyamatayu amagwira ntchito yanji? Anaphunzira mpaka pati? Makolo ake amagwira ntchito yanji, nanga anaphunzira chiyani? Anati tiwatumiziretu azimzathuwo kuti akonzekere, tisadzataye nthawi poti intaneti ya kwathu siichedwa kuthawa. Mnyamatayo anamasulira pepalalo m'Chisipanishi n'kuwatumizira amayi ake.

Tinapangana tsiku. Litafika, mayiwo anati mutu ukuwawawa. Tinapangananso lina, anati foni yawo yavuta.

Madzulo a tsiku lachiwirilo mwana wanga anakhala pampando wa amayi ake, chitenje chidakali m'chiuno. "Sakundifuna, Adadi," anatero. "Ndipo ndikudziwa chifukwa chake." Ankasisita khungu lakuda la pamkono pake uku akuyankhula. Mnyamatayo analumbira kuti si choncho, koma titamufunsa chifukwa chenicheni anati nayenso sakuchidziwa. Amayi ake ankangomuuza kuti tsiku lina, mwana wanga, tsiku lina. Mwana wanga anati ngati mayiwo sadzamuyang'ana m'maso, iye sangalowe m'banja limenelo, ngakhale amamukonda bwanji mwana wawo. Ndimamudziwa. Anatengera amayi ake, akanena wanena.

Ine sindinafune kuweruza munthu amene ndinali ndisanamuone nkhope. Ndinapempha kuti tiyesenso kachitatu, patapita miyezi iwiri.

Panalinso vuto lina limene alamu anga analitulukira. Womasulira pakati pathu akanakhala mnyamatayo, koma mkamwini sayankhula pa chinkhoswe chake. Amakhala pansi, maso pansi, ena n'kumamuyankhulira. "Pezani munthu wina, alamu," anandiuza. "Dziko lonselo mulibe wina wodziwa chinenerochi?"

Analipo, ndipo ndinkagwira naye ntchito tsiku lililonse. Ndi bambo wa ku El Salvador, wamkulu pang'ono kwa ine, amene anabwera kuno kalekale pothawa nkhondo. Iye ndiye amayendetsa makina okolopera m'makonde, ine ndimalowa m'makalasi. Chiyambire kumva kuti ndinali mphunzitsi amanditchula kuti Profesor, makamaka akandipeza ndikutsuka chimbudzi. Ndinamufotokozera nkhani yonse pa nthawi ya tiyi, titakhala motalikirana pamasitepe, masiki titatsitsira kuchibwano.

"Ndibwera," anatero. "Ndivala ngakhale suti. Koma mawu oyamba muyankhule nokha."

"Ine Chisipanishi ndichitenga kuti?"

"Kwa ine, kwaulere. Tamverani, Profesor. Mayi amene wabisala kawiri satulukira womasulira. Womasulira amamupeza kuchipatala ndi kupolisi. Mukufuna akuoneni ngati apolisi?"

"Ndakalamba, mutu unauma."

"Mutu wanu unauma ndi mankhwala otsukirawa. Mawa mubwere ndi kope."

Nthawi imeneyo ophunzira ambiri ankaphunzirira kunyumba pakompyuta, ndiye makalasi ambiri ankakhala opanda munthu, komabe tinkawayeretsa. Pa nthawi ya tiyi tinkalowa m'kalasi ina yaikulu ya mipando yokwera ngati masitepe. Iye ankaima kutsogolo ndi cholembera, ine ndinkakhala pamzere woyamba, kope pamwendo. Ndinali ndisanakhalepo pamipando imeneyo, ngakhale ndinaipukuta zaka zonsezo. Tikamaliza ndinkafufuta bolodi ndekha, poti imeneyo inali ntchito yanga kale.

Ndinamusonyeza pepala la alamu anga kuti adziwe zimene tikakambe. Analiwerenga, anakweza nsidze, n'kundibwezera. "Amalume amenewa amagwira ntchito yolowetsa anthu m'dziko?" anafunsa. Koma anavomera kuti tiyambire pomwepo, pa ntchito ndi maphunziro.

Analemba pabolodi: ¿En qué trabaja usted? Kodi mumagwira ntchito yanji? Pansi pake: ¿Qué estudió? Munaphunzira chiyani? Liwu loti trabajo, ntchito, linandisautsa sabata yathunthu. Chakumapeto kwake kuli kamvekedwe kochokera kukhosi, ndipo iye ankati ndichite ngati ndikuchotsa munga wa nsomba. Ndikayesa ankagwira pamimba n'kuseka. "Osati mufe nawo mungawo, Profesor, ungotuluka basi!" Pang'ono ndi pang'ono mawu anayamba kukhazikika. Mi hija es ingeniera, mwana wanga ndi injiniya. Estudió en la universidad, anaphunzira ku yunivesite. Mi esposa era enfermera, mkazi wanga anali namwino. Chiganizo chimenechi ndinachigwira tsiku limodzi, koma ndinatenga masiku ambiri ndisanathe kuchinena mpaka kumapeto mawu osanjenjemera. Mnzangayo ankatembenukira kubolodi n'kumalemba zina mpaka nditamaliza.

Pobwerera kunyumba ndinkaloweza m'basi. Masiki anandithandiza, chifukwa ndinkatha kuyendetsa milomo msewu wonse wa Stirling Highway popanda wondiyesa wamisala. Ndikasintha basi m'tauni ndinkayambiranso, funso ndi yankho, funso ndi yankho, mpaka pa depoti ya ku Morley.

Chinanditsalira chinali yankho langa ndemwe. Alamu anga anandiimbira Lamlungu lina nditangochoka kutchalitchi.

"Alamu, ndamva mukuphunzira chizungu chinacho. Zabwino. Akakufunsani za ntchito, mudzati ndinu aphunzitsi."

"Ndinali mphunzitsi, alamu."

"Mphunzitsi sasiya kukhala mphunzitsi. Zokolopazo n'zongodutsa."

"Zongodutsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu?"

"Musandiseketse, nkhaniyi ndi yaikulu. Anthu amenewa akutikayikira kale. Mwana wawo ndi wophunzira, ndiye kwawoko si anthu wamba. Mukufuna adzati mwana wathu wachokera m'nyumba ya wokolopa? Chitirani mwanayu."

Mawu omalizawo anandilowa. Sanali kunama alamu anga, ankamufunira zabwino mwana wa mlongo wawo. Ndinatenga kakhadi, mbali imodzi ndinalemba Soy profesor, ndine mphunzitsi. Mbali inayo ndinalemba Trabajo en limpieza, ndimagwira ntchito yoyeretsa. Mnzanga uja nditamufunsa kuti ndinene ziti, anati iye amaphunzitsa chinenero, za chikumbumtima ndikafunse abusa. Kakhadiko ndinakaika m'Baibulo ndipo m'mawa uliwonse ndinkakapeza pamenepo, tsiku lina mbali iyi ili pamwamba, tsiku lina inayo. Ndinkapemphera, koma yankho silinabwere mwa mawu. Chimene chinkangobwera m'maganizo ndi mkazi wanga ali pa tebulo lositira. Yunifolomu yanga yoyeretsera ankaisita chimodzimodzi mmene ankasitira malaya anga a kusukulu kwathu, mzere wakuthwa kutsika pamkono. Ndinkamuuza kuti palibe amayang'ana mkono wa munthu wokolopa. Iye ankati, "Ine ndimayang'ana." Chimwalirireni iye, yunifolomuyo ndinkangoiyanika bwino n'kuivala.

Tsiku loyesanso kachitatu lija linali Loweruka. Kuno inali seveni koloko madzulo, ku Lilongwe masana, ku Chile m'mawa. Kompyuta tinaiika pa tebulo la pabalaza. Mwana wanga anavala chitenje cha amayi ake. Mnyamatayo tinamukhazika pakampando kakafupi pakona, monga analamulira alamu. Mnzanga anabweradi ndi suti, ya mapewa aakulu ngati anabwereka kwa munthu wina, ndipo anakhala pambali panga.

Alamu anaoneka atavala jekete ndi tayi, pepala lili m'manja. Pansi pa mpando wawo panali tambala ndi msoti zomangidwa miyendo, poti anati mwambo wopatsana nkhuku auchita okha m'malo mwa mbali zonse ziwiri. Kenaka mbali ya ku Chile inayaka. Tinaona khoma loyera, mtanda wamtengo, ndi ngodya ya tebulo yokhala ndi nsalu yoluka. Munthu sanaoneke. Foni anaiimika kuti iyang'ane kukhoma, koma tinamva mpando ukukhululuka ndi munthu akutsokomola pang'ono. Anabwera, koma anakhala kumbali. Mwana wanga anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi.

Alamu anatsegula ndi pemphero lalitali, tambala akuthira ndemanga. Anafotokoza mbiri ya banja lathu, mnzanga akumasulira, ndipo ndikukhulupirira kuti ankadula zina chifukwa Chisipanishi chake chinkatha msanga. Kenaka anakweza pepala lija. "Funso loyamba," anatero, ndipo nkhope yawo inauma pomwepo, kukamwa kuli yasa. Patapita kanthawi anazimiririka. Magetsi anali atazima ku Lilongwe.

Tinatsala ife ndi khoma lija. Ndinamva mpando wa kutsidyako ukukhululukanso, ngati munthu akufuna kunyamuka. Ndinatembenukira kwa mnzanga kuti anene kanthu, koma iye anapinda manja pachifuwa n'kuyang'ana kudenga.

"Kalasi ndi yanu, Profesor," ananong'ona.

Bambo wa mwana sayankhula pa chinkhoswe, zimenezo ndimazidziwa. Koma nkhoswe inali mumdima ku Lilongwe, ndipo mayi uja anali pafupi kuchoka kachitatu. Kakhadi kanali m'thumba la malaya. Sindinakatulutse.

"Buenos días, señora," ndinatero, kuwapatsa moni wa m'mawa. "Soy el papá." Ndine bambo wake. Mpando unasiya kulira. Ndinapitiriza monga ndinkachitira m'basi, chiganizo chimodzi, kupuma, chinanso. Mwana wanga ndi injiniya. Mkazi wanga anali namwino, anamwalira. Ndimagwira ntchito pa yunivesite. Pamenepo ndinaima kaye, kenaka ndinamaliza. "Trabajo en limpieza. Limpio los pisos." Ndimagwira ntchito yoyeretsa, ndimakolopa pansi.

Ndinalibenso mawu ena, kupatula funso limene tinayambira nalo pabolodi. Ndinalifunsa mwaulemu wonse umene ndinatha. "¿Y usted, señora, en qué trabaja?"

Khoma lija linagwedezeka. Dzanja linagwira foni n'kuitembenuza, ndipo tinaona mayi wamng'ono thupi, wa imvi zomangidwa kumbuyo, atavala bulauzi yoyera ndi ndolo. Anali atavalira mwambowu, ngakhale sanafune kuoneka. Anayandikitsa nkhope kwambiri mpaka tinkangoona maso ndi mphumi.

"¿Limpieza?" anafunsa.

"Sí, señora."

Anaimika foni bwinobwino, anabwerera m'mbuyo, n'kukweza manja onse awiri kuti ndiwaone. Anali manja otupa m'mfundo, khungu lake losalala ngati la munthu amene wakhalitsa m'madzi a sopo. Ndimawadziwa manja otero. Ananena mawu angapo, ndipo mwa onsewo ndinamva awiri amene tinaphunzira: "No estudié." Sindinaphunzire.

Zotsalazo anamasulira mnzanga, mawu ake atatsika. Mayiwo anati moyo wawo wonse akhala akuchapa ndi kusita zovala za anthu, ndipo ndi ntchito imeneyo anaphunzitsira mwana wawo. Sukulu anailekeza ali wamng'ono. Mwana wawo atawauza kuti bambo a mtsikanayo anali mphunzitsi ndipo amagwira ntchito pa yunivesite, iwo anaganiza kuti ndi pulofesa wamkulu. Kenaka linafika pepala la manambala lija, longa fomu ya boma, likufunsa zimene makolo anaphunzira. Analiwerenga kambirimbiri. Anaona kuti akadzatsegula pakamwa adzamuchititsa manyazi mwana wawo pamaso pa anthu ophunzira, ndipo mwina banjalo lidzamukana chifukwa cha iwo. Ndiye ankati bola abisale. Zimenezi sanamuuze mwana wawo, poopa kumupweteka mtima.

Pakona paja mkamwini anali ataphimba nkhope ndi manja. Sanayankhule, mwambo anausunga, koma mapewa ake ankagwedezeka.

Mayiwo anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu ya patebulo n'kufunsa kuti mtsikanayo ali kuti. Mwana wanga ananyamuka, anapita kutsogolo kwa tebulo n'kugwada, monga anamuphunzitsira amayi ake. Koma atagwada, kamera inkangoona tsitsi lake la pamwamba. Mayiwo anayamba kuseka uku akulira, akukodola ndi dzanja kuti adzuke. Mnzanga anapendeketsa kompyuta. Mayiwo ndi mwana wanga anayang'anana nthawi yaitali. "Mi hija," anatero mayiwo. Mawu amenewo sanafunike womasulira, ndinali nditawaloweza ndekha: mwana wanga.

Alamu anabwereranso patapita mphindi makumi awiri, pafoni ya m'manja, ali panja pansi pa mtengo wa mango, thukuta lili kamukamu.

"Pepani, pepani nonse. Tinali pa funso loyamba."

"Alamu, mafunso ayankhidwa."

"Ayankhidwa? Wafunsa ndani?"

"Ine."

"Inu? Bambo wa mwana? Alamu, mwambo mwausiya m'ndege?" Kenaka anaona nkhope ya mayi uja pambali pa yawo. Anamanga batani la jekete, anapinda pepala lija kanayi n'kuliika m'thumba. Anawerama pang'ono. "Auzeni kuti takondwa kuwaona. Auzeni kuti mwana wathuyu ndi wawo." Atatero anatuma munthu kukatenga nkhuku zija, ndipo anazikweza pa kamera imodziimodzi akufotokoza tanthauzo lake, msoti ukukupiza mapiko kumaso kwawo. Mayiwo anafunsa ngati nkhuku yawoyo tingawasungire. Alamu analonjeza, ndipo anaisungadi mpaka inaswa anapiye.

Tsiku lotsatira anandiimbira. "Ndiye munawauza kuti mumakolopa?"

"Ndinawauza."

Anapuma mozama. "Chabwino. Koma pepala lija linalibe vuto, alamu. Mafunso ake anali abwino."

"Anali abwino, alamu," ndinatero.

Malire atatsegulidwa asewere anga anabwera ku ukwati. Inali ndege yawo yoyamba. Anafikira kunyumba kwathu, m'chipinda cha mwana wanga, ndipo anakhala milungu itatu. Chisipanishi changa sichinakule kwenikweni. Ntchito ndi maphunziro tinali titakambirana kale, ndiye nthawi zambiri tinkangokhala pakhonde tikumwa tiyi, iwo akuloza chinthu n'kutchula dzina lake, ine n'kutchula lathu. Diresi la ukwati anakana kuti lipite kwa ochapa. Anapempha simbi, ndinawatulutsira ya mkazi wanga imene inali m'kabati, ndipo anatha m'mawa wonse akulisita, chitseko atatseka kuti wina asawasokoneze.

Lolemba lotsatira ukwatiwo ndinadzuka m'mamawa kuti ndizipita kuntchito. Yunifolomu yanga sinali pachingwe pamene ndinaisiya. Ndinaipeza pampando wa m'khitchini, yopindidwa bwino, ndipo nditaitambasula ndinaona mzere wakuthwa ukutsika pamkono uliwonse. Ndinakhala pansi pang'ono, malayawo ali pamwendo, mpaka ndinatsala pang'ono kuphonya basi.

Kuntchito mnzanga anazimitsa makina ake atandiona m'khonde. Anandizungulira kamodzi, anagwira mkono wa malayawo ndi zala ziwiri.

"Lero ndiye mwabwera, Profesor," anatero. "Musakhudze chimbudzi, ndikatsuka ndine."

Ndinamuuza kuti asiye zocheza, ndinatenga ndowa yanga n'kulowa m'kalasi yoyamba.